Impso ya Pepala

Bambo anga, a Njobvu, amati njinga yamoto
siifa ndi ukalamba, imafa ndi mwini wake.
Honda yawo ndi yaikulu kwa ine zaka khumi ndi ziwiri.
Imagona kuseri kwa nyumba ku Chawama
pansi pa lata lodontha,
ndipo chaka chino sipanala yagwera m'manja mwanga.

Ndaiwotha kaye, poti oyilo wozizira ndi waulesi.
Ndamasula bawuti ya pansi,
ndatchera beseni lomwe amayi analeka kuchapira.
Watuluka wakuda bii, ngati tiyi wa pamaliro.
Ndaviika chala, ndapekesa:
tizitsulo tiwiri titatu tikunyezimira.
Injini imadzidya yokha, pang'onopang'ono,
ndipo payenera kukhala wina wotola nyenyeswa.

Ku Kamwala mnyamata wa m'sitolo
wandiikira mafyuluta atatu pa kauntala.
Yoyamba bokosi lake likuwala, dzina analemba molakwitsa.
Yachiwiri ndi ya galimoto, koma akuti
"imalowa, sisi, mukangoikankha imalowa."
Yachitatu yakhala pa shelefu
kuyambira iye asanamere ndevu.

Ndachita monga ndinaonera.
Ndawerenga mapinda a pepala ndi chikhadabo.
Ndaikweza kudzuwa, kuona ngati kuwala kukuba njira pomatira.
Ndatsina kamphira kuti ndione ngati kabwerere.
Yotchipa ija yafwamphuka ngati chitumbuwa cha dzulo.
Ndatenga yafumbi.
Yakale ndamusiyira mnyamatayo ataye,
ndalama ya minibasi yathera pomwepo,
ndabwerera wapansi, mphepo ya Ogasiti ikunditafunitsa mchenga.

Lachiwiri ndi Lachisanu bambo amagona ku UTH,
magazi akutuluka m'kapaipi,
kuzungulira m'makina, kubwerera atatsukidwa.
Tsiku loyamba dokotala anafotokoza kwa nthawi yaitali,
akujambula nyemba ziwiri papepala.
Bambo anangoti, "Ndamva, fyuluta yatha.
Nanga yasipeya muli nayo?"
Anaseka okha.

Tsopano ndagwada m'fumbi.
Chivundikiro ndachitsuka ndi palafini,
kamphira katsopano ndakadzoza oyilo,
sipuling'i yalowa, fyuluta yakhala,
ndikuti ndimange.
Pawindo pakumveka mawu opanda mnofu:
"Tisauke, washala?"

Washala uti?

Kachitsulo kopyapyala ngati chikhadabo cha mwana,
kamene kamamatirira kufyuluta yakale
n'kupita nayo kudzala osatsanzika.
Popanda iko sipuling'i imaboola mphira,
oyilo n'kumadutsa m'mbali ndi zinyalala zake zonse,
iwe uli pa Kafue Road, mtima uli m'malo,
ukuti ndinasintha.
Kanga kali m'bini ku Kamwala.

Dzanja latuluka pawindo,
lotupa, lokhala ndi pulasitala pamtsempha,
lagwira kachitini ka polishi.
M'katimo mawashala asanu ndi awiri.
Anawatola m'mafyuluta otayidwa ndi anthu ofulumira,
zaka zonse zija ankakonza za eni ake ku Matero.
"Tenga kamodzi. Otsalawo usunge,
udzaiwalanso."

Ndamanga ndi dzanja, kenako sipanala pang'ono,
poti aluminiyamu sakonda mkwiyo.
Malita atatu, ndi theka la kapu.
Ndaponda kiki kamodzi, yatsokomola.
Kachiwiri, zii.
Kachitatu yadzuka, nkhuku za oyandikana nawo zabalalika.
Kanyali kofiira kakuyakabe.
Ndikuwerenga: imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi,
oyilo akufufuza njira m'pepala latsopano,
zisanu.
Kazima.

Ndasuzumira pansi. Sipakudontha.
Bambo atsamira pawindo, maso ali chitsinzinire,
khutu alitchera ngati munthu womvera mlandu wa mwana wake.
"Tapeti ya kumanzere ikulongolola," akutero.
"Tiiona mawa."

Mawa ndi Lachisanu.
Sindinawakumbutse.
Ndaisiya ikulira pang'ono,
kuti aimve mpaka atakhuta.